Ndevu zanga, kasingano ka magetsi ndi madontho akuda amene ndinadzipatsa ndekha

Ine ndevu zinayamba kutuluka ndili ndi zaka 24, nditangobereka mwana woyamba. Zinali zitatu chabe pansi pa chibwano, apongozi anga nkumaseka ati mkazi wandevu ndi wamwayi, ndalama zimamutsata. Ndalamazo mpaka lero ndikudikira, koma ndevu sizinachedwe, pofika zaka 30 zinali zitadzaza chibwano chonse mpaka kutsikira m'khosi, zina pamwamba pa mlomo. Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato kufupi ndi msika wa Kapata, ndiye tangoganizani kasitomala akukambirana nawe mtengo koma maso ali pachibwano pako. M'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde ndi kagalasi ndi twiza kuzula imodzi imodzi, ndipo pomwe ndazula pankatuluka tiziphuphu, tsitsi lina nkumakulira mkati mwa khungu. Zaka zoposa 8 ndikuchita zimenezo.

Azimayi angapo andikokera pambali pamsika kufunsa kuti ndinachita bwanji kuti ndevuzo zichoke, ndipo poyankha mwachangu ndimangoti electrolysis, iwo nkumapita. Kenako ndimadandaula chifukwa dzina lokha silithandiza munthu. Chomwe chinandivuta ine si makina aja ai, ndi masiku otsatira ukachoka pampando uja, pamene uli wekha ndi nkhope yako, dzuwa la kuno ndi malangizo a anzako.

Ndiyambe ndi chinthucho kwa amene simunachionepo. Amatenga kasingano kakang'ono ngati tsitsi lenilenilo, nkukalowetsa m'kabowo komwe tsitsi latulukira, sabaya khungu ai, kamangotsata njira ya tsitsi mpaka pa muzu. Akafika amatulutsa magetsi pang'ono kuti muzu ufe. Pali njira zitatu. Ina amati galvanic, magetsi ake akakumana ndi madzi ndi mchere wa m'thupi amapanga soda wowotcha mkati mwa kabowoko. Ina ndi thermolysis, iyo imapha muzu ndi kutentha. Yachitatu amati blend, yophatikiza ziwirizi, ndipo ndi yomwe ankagwiritsa pa ine chifukwa tsitsi lathu lopotanali muzu wake umakhala wopindika, kasingano kowongoka sikafika bwinobwino pansi, ndiye soda uja amathandiza kufika pomwe singano yalephera. Njirayi si yatsopano olo pang'ono, anaiyamba dokotala wa maso Charles Michel ku St. Louis ku America mu 1875, pochotsa tsitsi la m'zikope lomwe linkapindikira m'maso mwa odwala. Ndinasankha electrolysis osati laser, makina ochotsa tsitsi ndi kuwala kwamphamvu, chifukwa laser imasaka mtundu wakuda, ndipo ife khungu nalo ndi lakuda, makina akakhala osayenera kapena wogwira akakhala wosadziwa umapsa. Ilipo laser yotchedwa Nd:YAG yomwe imagwirizana ndi khungu lakuda, koma imachepetsa tsitsi basi, komanso imvi siziona, ine ndinali nazo kale zingapo zoyera pachibwano. Electrolysis sisankha mtundu wa khungu kapena wa tsitsi.

Kuno ku Chipata ndinafunsa m'masaluni angapo osapeza, ndinakapeza ku Lusaka. Mwayi wake ndimapita kale ku Kamwala mwezi ndi mwezi kukaoda katundu, ndiye ndinati ndiziphatikiza ulendo umodzi. Apa ndi pomwe panayambira vuto koma sindinadziwe.

Tsiku loyamba linali mu September 2023, mphindi 30. Kupweteka kwake kuli ngati linthumbu lakuluma nkusiya, lakuluma nkusiya, pachibwano zimapiririka koma pamwamba pa mlomo pafupi ndi mphuno misozi imangotuluka yokha olo usakulira. Asisi amene ankandichita anandipatsa kachitsulo kogwira m'manja, anatsegula singano yatsopano m'kapepala kake ine ndikuona, anavala magolovesi. Izi muzionetsetsa, singano ikhale yotsegula pamaso panu ndipo ikatha ntchito itayidwe, nkhani za HIV ndi matenda a chiwindi tonse tikuzidziwa, musachite manyazi kufunsa. Chinanso chomwe anandiphunzitsa, muzu ukafa bwino tsitsi limatuluka lokha mosavuta akaligwira ndi twiza. Mukamva kuti akuzula ngati mmene mumazulira kunyumba, dziwani kuti muzu sunafe ndipo mukulipira ndalama ya kuzula wamba.

Nditadziona pagalasi chibwano chinali chotupa, timatuza tating'ono ngati udzudzu wandidya usiku wonse, kutentha ngati ndayandikira mbaula. Azungu amati pamafiira, ife kufiirako sikuoneka kwenikweni, pamangooneka kuda pang'ono ndi kunyezimira. Asisi aja anandipaka jelo wa aloe vera nkunena kuti amayi, lero ndi mawa musagwiregwire, musapake paudala, musakhale padzuwa, musatuluke thukuta, tinkhanambo tikabwera musatokose. Ndinavomera zonse ndi mutu, eya eya, maganizo ali pa katundu woti ndikagule.

Kuchoka apo ndinalunjika ku Kamwala masana dzuwa lili pamutu. Maola anayi ndikuzungulira mashopu, fumbi, thukuta likutsikira pachibwano pomwe pali timabowo mazana totseguka, ine nkumapukuta ndi nsonga ya chitenje chomwe ndamanga m'chiuno tsiku lonse. M'mawa mwake ku Intercity ndinapaka paudala wambiri poopa kukumana ndi odziwana nawo mu basi, mukudziwa basi ya ku Chipata sulephera kupezamo wachibale. Mpando ndinapeza wa pawindo, makilomita oposa 550 dzuwa likundiwomba, pa Luangwa ndinatsika kugula nsomba zouma, pa Nyimba nthochi, manja omwewo ogwira ndalama ndi nsomba nkumasisita chibwano chifukwa chinkayabwa. Pofika pa Katete chinali chikuwotcha.

Tsiku lachitatu tinkhanambo tinatuluka, ting'onoting'ono ngati mbewu za fodya, pena pali tiziphuphu ta mitu yoyera. Loweruka lake kunali kitchen party ya mwana wa azakhali anga ndipo ine ndinali mmodzi wa olandira alendo. Ndiye Lachisanu usiku ndinakhala pansi ndi madzi otentha ndi chinkhupule nkukhula chibwano chonse mpaka tinkhanambo tonse tatha. Panasalala, ndinasangalala, ku phwando ndinavina. Patatha masabata awiri paliponse pomwe panali kankhanambo panatuluka dontho lakuda bii, chibwano chonse ngati nkhanga. Ndevu zinali bwino kusiyana ndi zimenezo, ndevu umameta, koma izi unyamula kulikonse.

Apa ndikufuna mumvetse bwino chifukwa ine ndinamvetsa mochedwa. Khungu lakuda likavulala kapena kutupa, timaselo topanga mtundu timadzuka nkupanga mtundu wochuluka pamalo pamenepo. Nchifukwa chake chiphuphu chikapola chimasiya dontho, udzudzu ukaluma mwana nkukanda miyendo imakhala ndi mawanga. Electrolysis ndi tizilonda tating'ono tambirimbiri topangidwa dala. Kankhanambo kaja ndi chivundikiro, pansi pake khungu latsopano likupangika, ukachotsa nthawi isanakwane wavulaza kachiwiri, ukawonjezera dzuwa ndiye wathira mafuta pamoto chifukwa dzuwa ndi lomwe limauza timaselo tija kuti tipange mtundu. Madonthowa si zipsera zenizeni, amazilala, koma amatenga miyezi, ambiri mwa anga anatenga pafupifupi isanu ndipo akanatenga yochepa ndikanapanda kuchita chopusa chachiwiri.

Mnzanga wogulitsa pafupi nane ataona anati iwe mwandi usavutike, pali kachubu, masiku asanu chabe zonse zichoka. Tonse timatidziwa timachubu toyeretsa khungu timeneti, tili mbwee m'misika mpaka pa boda ya Mwami. Ndinagula, ndinapaka m'mawa ndi madzulo, usiku nkuwonjezera madzi a ndimu monga anandiuzira wina. Sabata yoyamba zinaoneka ngati zikutheka, chibwano chinayera kuposa nkhope yonse. Sabata yachitatu ziphuphu zinabuka zambiri, khungu linayamba kupyapyala nkumawawa ndikasamba, ndipo m'masaya momwe munalibe kanthu munayamba kumera ubweya wofewa. Tangoganizani, munthu ukulipira kuchotsa tsitsi uku ukupaka mankhwala omeretsa tsitsi. Nditasiya kupaka, madontho anabwerera akuda kuposa poyamba.

Nditapita ulendo wotsatira asisi aja anangondiyang'ana nkuzimitsa nyale yawo. Anati amayi, lero sindikugwirani, khungu ili ndi lodwala, mwapaka chani? Ndinayamba kukana, iwo anati tulutsani chubu. Pa chubupo panali palembedwa clobetasol, tizilembo tating'ono tomwe sindinawerengepo. Ndi steroid wamphamvu kwambiri wa matenda a khungu, woti dokotala akulembere kwa masiku owerengeka, osati wodzola ngati mafuta. Wina wofanana naye ndi betamethasone, ndipo ena amakhala ndi hydroquinone yemwe ukamudzola nthawi yaitali amatha kudetsa khungu mtundu wosachokanso. Ndinakwiya tsiku limenelo chifukwa ndalama ya basi inali itapita, koma lero ndimawathokoza, wina akanangolandira ndalama nkundibaya pakhungu lomwelo. Anandiuzanso kuti ndikaonane ndi dokotala za chomwe chikumeretsa ndevuzo, chifukwa iwo amapha tsitsi lomwe lilipo, koma ngati mahomoni akudzutsa lina latsopano tidzakhala tikuthamangitsana mpaka kale.

Kuchipatala anandifunsa za kumwezi, ndinati ndimatha miyezi iwiri itatu osaona, anafunsa za kunenepa ndi za mwana wachiwiri yemwe takhala tikumufuna osabwera. Anandiyeza magazi ndi sikani nkupeza kuti ndili ndi PCOS, vuto lomwe limachititsa thupi la mkazi kukhala ndi mahomoni achimuna ochulukirapo, ndipo limayenderana ndi shuga. Zaka zonsezi ndinkangoti ndi zakumtundu poti agogo anga analinso nazo. Za mankhwala sindilemba pano chifukwa zimatengera ngati ukufuna mimba kapena ai, ena mwa mankhwala ochepetsa ndevu saloledwa kwa amene akufuna kutenga pakati. Koma ngati ndevu zabwera pamodzi ndi kusokonekera kwa msambo, kapena zabuka mwadzidzidzi mawu nkuyamba kukula ngati a bambo, yambani kuchipatala musanapite ku saluni.

Ndinapuma miyezi iwiri nkuyambiranso mu January 2024, ndipo ulendo uno ndinasintha zonse. Manje ndimayamba kuoda katundu, kumanga, kukasiya kwa mchemwali wanga komwe ndimagona, electrolysis imakhala chinthu chomaliza madzulo dzuwa litapepa. Ndikatuluka ndimalunjika kunyumba. Ndimakulunga ayezi m'kansalu koyera nkuika pachibwano mphindi zochepa, kuchotsa, kuikanso, osaika ayezi mwachindunji pakhungu. Chaka cha 2024 ndi load shedding ija madzi atachepa ku Kariba firiji inali ngati kabati, ndiye ndinkangonyika kansalu m'madzi ozizira owiritsa kale, zimathandizabe. Kutupa kumatha usiku womwewo kapena mawa lake, pamwamba pa mlomo pamachedwerako pang'ono.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndimasamba kumaso ndi madzi ozizira ndi sopo wopanda fungo, ndi manja okha, kupukuta mongogunditsa ndi thaulo langalanga loyera. Paudala ai, perefyumu ai, mafuta olemera ai chifukwa amatseka timabowo nkubweretsa tiziphuphu toyera tija. Jelo wa aloe vera wa m'botolo wopanda fungo ndi yekhayo. Amene muli ndi chomera chake pakhomo samalani ndi madzi achikasu omwe amatuluka mukangodula tsamba, amayabwa. Spiriti musathire, ndinayesapo kamodzi ndinavina ndekha m'bafa, amaumitsa khungu nkuwonjezera kutupa. Mu basi ndimapempha mpando wa pakati, ndimavala chipewa chachikulu ndi kansalu kopepuka kophimba chibwano, kumene anthu akuganiza kuti ndili ndi chimfine ndi zawo. Pilo ndimasintha nsalu yake tsiku lomwe ndafika.

Chomwe sanandiuze ku Lusaka koma ndinachizindikira ndekha ndi mbaula. Iwo amati pewani sauna ndi jimu, ine sauna ndiionera kuti? Sauna yathu ndi mphika wa nsima. Ukawerama pa mbaula ya malasha kuvundula nsima, nthunzi ndi moto zimalunjika pachibwano penipeni, ndipo ndinaona kuti ndikaphika tsiku lotsatira kuyabwa kumachuluka. Ndiye masiku awiri oyamba amaphika ndi mwana wanga wamkazi, amuna anga anayamba adandaula kuti nsima yake ndi yofewa koma anazolowera. Kuchapa padzuwa, kupita kumunda, kukwera njinga yamoto m'fumbi la August, zonsezo zimadikira masiku awiri atatu.

Tinkhanambo tikabwera ndimatisiya. Kunena nkosavuta, koma dzanja limapita lokha makamaka ukakhala pa shopu palibe kasitomala, ndiye ndimawenga zikhadabo ndisananyamuke ulendo. Timagwa tokha pakatha sabata, pena masiku 10. Tikauma kwambiri nkumakoka ndimapaka Vaseline pang'ono kwambiri ndi chala choyera, kuyambira tsiku lachitatu. Ndipo si nthawi zonse timabwera, asisi aja atachepetsa mphamvu ya makina nkumadumphadumpha m'malo mochotsa tsitsi loyandikana lonse tsiku limodzi, tinkhanambo tinachepa kwambiri. Choncho mukaona nkhanambo zikuluzikulu zolumikizana, kapena pakutuluka madzi achikasu masiku angapo, kapena pakutsala timaenje, musamangodziimba mlandu, mphamvu yachuluka kapena dzanja la wochitayo silili bwino. Jambulani chithunzi tsiku lachiwiri ndi lachisanu mukawaonetse. Akakana kumva, sakani wina.

Sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndiye inandivuta kuvomera. Ndinkati ndi za azungu ndi abale athu achialubino, ine wakuda ngati ine dzuwa lindichita chani. Koma madontho aja anayamba kuzilala zenizeni nditayamba kudzola ya SPF 50 (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza) m'mawa uliwonse ndi kubwerezanso masana, popeza shopu yanga theka lake lili panja. Osachepera SPF 30. Yoyamba yomwe ndinagula inkandisiya mbuu ngati ndachokera kuchigayo, kenako ndinapeza ina yosasiya zoyera, muziyesa pa dzanja musanagule. Ndi yodula, sindinama, koma ndimapaka chibwano, khosi ndi pamlomo chabe ndiye botolo limakhalitsa. Tsiku lomwe ndachita electrolysis sindipaka, ndimayamba pakapita tsiku limodzi, tsiku loyambalo chipewa chimagwira ntchito. Mwezi wa October ndimaudumpha dala, kutentha kwake thukuta silingapeweke olo utakhala m'nyumba.

Pali zina zomwe si zachilendo ndipo pali zina zofuna chipatala. Kutupa kwa tsiku limodzi, kuyabwa, tinkhanambo, ngakhale kadontho ka magazi ogwirana pansi pa khungu singano ikakhudza kamtsempha, zonsezo zimatha zokha. Koma kutupa kukamakula m'malo mochepa pa tsiku lachitatu, pakutentha, pakutuluka mafinya, kupweteka kukufalikira kapena thupi latentha, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, osayamba kumwa ma antibiotic otsala a mwana. Ine zinandichitikira kamodzi m'khosi, anandipatsa mankhwala opaka zinatha m'masiku ochepa. Amene mumatuluka zilonda za pamlomo zija zimabwera ukadwala malungo, nenani asanayambe, chifukwa kugwira pamwamba pa mlomo kumatha kuzidzutsa, ndipo zikakhalapo tsiku limenelo sayenera kukugwirani. Nenaninso ngati muli ndi pakati, ngati muli ndi shuga poti zilonda zimachedwa kupola, ngati muli ndi kachipangizo ka mtima kaja amati pacemaker, kapena ngati mwamwapo isotretinoin wa ziphuphu miyezi yapitayi. Tsitsi lomera pa kachiphuphu kobadwa nako lisagwidwe dokotala asanaone.

Nkhani ya zipsera zotupa, zomwe amati keloid, ndiyofunika kwa ife akuda. Yang'anani pomwe munaboola makutu, pa katemera wa paphewa, pa mphini ngati munatemedwapo, pa opaleshoni. Ngati penapake panatupa nkukula kupitirira bala lenilenilo, auzeni, ndipo ayese kaye tsitsi lochepa pamalo obisika pansi pa chibwano, mudikire masabata angapo muone. Msuweni wanga ali nazo m'makutu onse awiri, ndinamuuza kuti asayerekeze asanaonane ndi dokotala wa khungu, mpaka pano ndevu zake amangodula ndi kasizasi.

China chomwe chimagwetsa anthu ulesi, ndevu zimaoneka ngati zikubwerera. Mwezi wachitatu ndinatsala pang'ono kusiya, ndinati andidyera ndalama. Koma tsitsi silimera lonse nthawi imodzi, lina likukula, lina likupuma pansi pa khungu, ndiye lomwe mukuliona mwezi uno nthawi zambiri si lomwe anapha mwezi watha, ndi lina lomwe linali mtulo, kuphatikizapo lonse lomwe munazula miyezi ya m'mbuyo. Lina limafuna kubwerezedwa kawiri katatu. Nchifukwa chake zimatenga chaka mpaka chaka ndi theka, kwa ife a PCOS ndi oyenda kamodzi pamwezi kupitirira apo. Pakati pa maulendo twiza ndi wakisi, phula lozulira tsitsi lija, ndi zoletsedwa, ukazula wabisa muzu womwe amafuna kupha. Kumeta ndi leza kapena kudula ndi sizasi kuli bwino, ndipo zoti ukameta zimachuluka ndi bodza, zimangooneka zokhuthala chifukwa nsonga yadulidwa. Ndimameta komaliza kutatsala masiku atatu kuti ndipite, kuti zikhale zotuluka pang'ono zogwirika. Masiku atatu amenewo ndi ovuta kuposa singano, ndimayenda ndi ndevu zanga poyera, twiza ndinachita kupatsa amuna anga kuti akabise ku ntchito kwawo.

Pano ndimapita kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, mphindi 15 zimakwana, pomwe poyamba ola lathunthu silinkamaliza chibwano. Madontho atsala awiri kumanzere pomwe ndinakhula kwambiri ndi chinkhupule tsiku lija, amaoneka ndikaima padzuwa. Mnzanga wa kachubu uja ubweya wamera m'masaya onse, sabata yatha anabwera kudzandifunsa nambala ya asisi a ku Lusaka. Ndamupatsa, koma ndamuuza kuti ayambe wataya chubu ndi kukaonetsa khungulo kuchipatala, chifukwa ndikudziwa kuti akafika nalo mmene lililimu amubweza ngati mmene anandibwezera ine, ndalama ya basi nkupita pachabe. Wati aganizira. Chubucho ndachiona chikadali m'chikwama chake dzulo pomwe amandisinthira K100.